Nthawi ndi Kamangidwe ka Nkhani: Mmene Mlembi Amaikira Mtima Wathu M'mwamba

Ana inu, kumbukani madzulo amene munakhala pamoto kumvera nthano. Pali anthu ena amene akangonena kuti "Padangokhala," aliyense amasendera pafupi, ndipo ngakhale mwana amene anali kusinza amatong'ola maso. Palinso ena amene amakamba nthano yomweyo, ya Kalulu yemweyo ndi Fisi yemweyo, koma isanafike pakati anthu amayamba kuyasamula. Nthano ndi imodzi. Nanga kusiyana kuli pati?

Kusiyana kuli pa kasamalidwe ka nthawi. Wodziwa kukamba amadziwa coyamba kunena ndi cosungira kumapeto. Amadziwa pothamanga ndi poyenda pang'onopang'ono. Olemba nkhani zopeka amacita cimodzimodzi, koma iwo amacita ndi colembera. M'phunziro lino tiona njira 4 zimene amagwiritsa nchito kuti mtima wa wowerenga ukhale m'mwamba, asafune kutseka bukhu.

1. Nkhani imodzi, makambidwe awiri

Werengani nkhani iyi. Yalembedwa kawiri.

Kakambidwe koyamba

Tsiku lina njoka inalowa m'dengu limene nkhuku ya agogo a Zuze inali kuikiramo mazira. Mlongo wake wa Zuze anaiona ndipo anakamuuza kudambo. Zuze anathamangira kumudzi naletsa agogo kupisa dzanja m'dengumo. Amalume anabwera ndi cibonga napha njokayo.

Kakambidwe kaciwiri

Agogo a Zuze sanali kuona bwino, ndipo makutu aonso anali atayamba kugontha. Koma panali nchito imodzi imene sanali kulola munthu wina kuigwira. Madzulo ali onse, ng'ombe zikangolowa m'khola, iwo anali kupita kunsi kwa nkhokwe, kugwada, ndi kupisa dzanja m'dengu lakale kuti awerenge mazira a nkhuku yao yamawanga. Anali kuwerenga ndi zala, limodzi limodzi.

Tsiku limenelo Zuze anali kudambo kuthirira ndiwo m'dimba la atate ake. Dzuwa litapendeka, kamlongo kake Tereza, ka zaka 4, kanathawa amai pacitsime nkudzakhala m'mphepete mwa dimba, kakuseweretsa kamtengo m'matope.

"Acimwene," kanatero, "kodi cingwe cimayenda?"

"Iai. Sendera uko, ukuponda mbeu."

"Koma ine ndaona cingwe cakuda cikuyenda cokha. Calowa m'dengu la nkhuku ya agogo."

Zuze anaimika ndowa. "Catuluka?"

"Iai. Cagona pa mazira."

Zuze anayang'ana kuphiri. Dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza nsonga yake. Kutsidya kwa dambo kunaoneka fumbi. Abusa anali atayamba kale kukusa ng'ombe.

Anataya ndowa nayamba liwiro. Pakati pa dimba ndi mudzi panali mtsinje, munda wa amfumu ndi citunda. Pamtsinje anapeza ng'ombe zitadzaza poolokera. Anadzera kunsi, madzi akumufika m'ciuno. M'munda wa amfumu munga unamulasa kuphazi, koma sanaime kuti auzule. Atafika pamwamba pa citunda anaona mudzi wonse. Ng'ombe yoyamba inali kulowa m'khola. Pakhomo pa nyumba panatuluka agogo, ndodo ili m'manja.

"Agogo! Agogooo!"

Ng'ombe zinali kulira, abusa anali kuimba malikhweru, ndipo kuseri kwa nyumba wina anali kukonola cimanga. Agogo sanatembenuke.

Anaponya phazi loyamba, laciwiri, lacitatu. Anaima. Mbuzi inali italowetsa mutu m'licero la mphale. Agogo anaiopseza ndi ndodo, nanyamula licerolo, naliika pa thandala. Zuze anali atafika pa mtengo wa mango. Agogo anafika pankhokwe. Nkhuku yamawanga inali kutetera capatali, yosafuna kuyandikira dengu lake.

"Iwe, watani lero?" anatero agogo kwa nkhukuyo. Anatsamiritsa ndodo pa mwendo wa nkhokwe. Anagwada bondo limodzi, kenaka linalo. Anakonza nsalu yao. Anatambasula dzanja.

Zuze sanafuulenso. Anangowagwira m'ciuno nawakokera kumbuyo, onse awiri nkugwera pa fumbi. M'dengu munatuluka mutu wakuda, khosi litatambasuka ngati cikhatho. Amalume, amene anali kutseka khola, anamva phokosolo nabwera ndi cibonga.

2. Nthawi ziwiri za m'nkhani

Zocitika ndi zomwezo m'makambidwe onse awiri: njoka, dengu, Tereza, liwiro la Zuze ndi cibonga ca amalume. Ndiponso pamene munayamba kuwerenga kakambidwe kaciwiri munali kudziwa kale kuti agogo sadzalumidwa. Komabe pamene agogo anatambasula dzanja, mtima wanu unagunda. Cifukwa cake ndi ici: m'nkhani iri yonse muli nthawi ziwiri.

Yoyamba ndi nthawi ya zocitika. Iyi ndi nthawi imene anthu a m'nkhani akukhalamo: zaka zao, masiku ao ndi mphindi zao. Imayenda ngati madzi a mumtsinje, kutsogolo kokha.

Yaciwiri ndi nthawi ya kakambidwe. Iyi ndi nthawi imene wowerenga amatha powerenga, ndiponso ndondomeko imene mlembi wasankha pomuuza zinthu. Nthawi iyi ili m'manja mwa mlembi. Akhoza kuyamba ndi mapeto. Akhoza kulumpha zaka ndi ciganizo cimodzi. Akhoza kutambasula mphindi imodzi mpaka idzaze tsamba.

Taganizani tsopano kakambidwe kacitatu. Mlembi sanatiuze kanthu za njoka. Tangoona agogo akupita kunkhokwe monga mwa masiku onse, ndipo mwadzidzidzi mutu wakuda watuluka m'dengu. Tikanadzidzimuka ndithu, koma kwa kamphindi cabe. Zonse zam'mbuyo, mbuzi ija ndi licero lija, zikanakhala zopanda kanthu kwa ife. Koma popeza tinauzidwa msanga za njoka, ngakhale mbuzi yakuba mphale yasanduka cinthu cacikulu, cifukwa ikupatsa Zuze mpata wofika. Kudzidzimutsa munthu ndi kwina, kuika mtima wake m'mwamba ndi kwina. Mtima umakhala m'mwamba pamene wowerenga akudziwa coopsa cimene cili kubwera, koma sangathe kucenjeza amene cili kumubwerera.

3. Njira yoyamba: kudziwitsa wowerenga msanga

Ambiri amaganiza kuti nkhani yokoma ndi imene imabisa mapeto ake. Mlembi wina wa dziko lathu la Moçambique anaonetsa kuti si nthawi zonse. Luís Bernardo Honwana anabadwa m'caka ca 1942 mu mzinda wa Lourenço Marques, umene tsopano ndi Maputo, ndipo anakulira ku Moamba. M'caka ca 1964 anatulutsa bukhu la nkhani 7 za m'Cipwitikizi lochedwa Nós Matámos o Cão-Tinhoso. Dzinali likutanthauza kuti "ife tinapha galu wamphere". Conco tisanatsegule ndi tsamba loyamba lomwe, tadziwa kale kuti galu adzafa, ndiponso kuti wokamba nkhaniyo ali m'gulu la omupha.

Wokamba nkhani ndi Ginho, mwana wa sukulu ngati inu. Iye amayamba ndi kutionetsa galuyo: wokalamba, woonda, wazilonda thupi lonse, wa maso a mtundu wa thambo amene amayang'ana ngati munthu wofuna kupempha kanthu. Agalu anzake amamuthawa, ndipo anthu amanyansidwa naye. Mtsikana mmodzi yekha, Isaura, ndiye amamukonda ndi kumugawira cakudya cake. Tsiku lina mkulu wa boma la atsamunda m'deralo amanena kuti galuyo aphedwe. Lamulo limatsika kucokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, mpaka bambo wina wa ku ofesi ya ziweto, Senhor Duarte, amapereka nchitoyo kwa anyamata a sukulu. Iwo amakatenga mfuti za makolo ao, motsogozedwa ndi mnzao Quim.

Popeza mapeto tikuwadziwa, sitifunsanso kuti, "Kodi galu afa?" Mafunso athu ndi ena, ndipo ndi owawa koposa. Afa liti? Ayambe kuombera ndani? Kodi Ginho, amene wayamba kumumvera cisoni, acita ciani? Honwana sacita cangu kutiyankha. Ginho ndiye amakoka galuyo ndi cingwe kupita naye kuchire, ndipo timayenda nao njira yonse, galu akunjenjemera. Atafika, anzake amauza Ginho kuti ayambe ndiye. Iye amazengereza, amalankhula ndi galuyo, anzake akumuseka kuti ndi wamantha. Kenaka Isaura amatulukira nakumbatira galuyo, ndipo amayenera kucotsedwa mfuti zisanalire. Kucedwa kuli konse kumatipatsa kaciyembekezo koti mwina apulumuka, ngakhale dzina la bukhu latiuza kale kuti sadzapulumuka.

Owerenga ambiri anaona m'nkhaniyi cithunzi ca ulamuliro wa atsamunda, mmene wamkulu amalamula ali pamthunzi ndipo ang'onoang'ono ndi amene amadetsa manja. M'caka comweco ca 1964 Honwana anamangidwa ndi PIDE, apolisi a boma la atsamunda, nakhala m'ndende zaka 3.

4. Njira yaciwiri: kuika malire a nthawi

M'nkhani ya Zuze mulibe woci, koma muli dzuwa ndi ng'ombe. Tauzidwa kuti agogo amapita kunkhokwe ng'ombe zikalowa m'khola. Cotero fumbi la ng'ombe likaoneka, timadziwa kuti nthawi yatsala pang'ono. Awa ndiwo malire a nthawi. Pakanakhala kuti agogo amawerenga mazira mawa kapena mkuja, Zuze akanayenda mosathamanga, ndipo ifenso tikanawerenga mosadera nkhawa.

Mlembi amene anagwiritsa nchito njira iyi mwaluso ndi Gabriel García Márquez wa ku Colombia, ku South America, amene analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1982. M'caka ca 1981 anatulutsa bukhu la m'Cisipanishi lochedwa Crónica de una muerte anunciada, kutanthauza mbiri ya imfa imene inalengezedwa isanacitike. Ciganizo coyamba ceniceni cimatiuza kuti mnyamata wochedwa Santiago Nasar adzaphedwa tsiku limenelo, ndipo cimachula ola limene anadzuka.

Nkhani yake ndi iyi. Mtsikana wina, Angela Vicario, anabwezedwa kwa makolo ake usiku wa ukwati wake. Atafunsidwa amene anamulakwira, anachula Santiago Nasar. Alongo ake awiri amapasa, Pedro ndi Pablo, anatenga mipeni yophera nkhumba, nakainola kumsika, akuuza aliyense cimene akufuna kucita. Pofika m'mawa pafupifupi tauni yonse inali kudziwa, kupatula Santiago mwini wake.

Pakati pa kulengeza ndi kupha panali maola owerengeka cabe, ndipo mlembi amachula maola ndi mphindi kawirikawiri kuti tisaiwale. M'maola amenewo anthu ambiri anali ndi mpata womucenjeza. Ena anaganiza kuti ndi zonena za mowa. Ena anaganiza kuti wina wamuuza kale. Ena anatanganidwa ndi kubwera kwa bishopu pa sitima ya pamtsinje. Mkulu wa tauniyo analanda amapasawo mipeni, koma iwo anakatenga ina. Munthu wina analowetsa kalata yocenjeza kunsi kwa citseko, koma palibe anaiona. Pomaliza, amai ake a Santiago anatseka citseko poganiza kuti mwana wao ali kale m'nyumba, pamene iye anali kuthamangira citseko comweco.

Taonaninso kamangidwe ka bukhuli. Wokamba nkhani akusonkhanitsa zimene anthu akukumbukira patapita zaka 27. Iye amatifikitsa pafupi ndi imfayo, kenaka amabwerera m'mbuyo kukayambanso ndi munthu wina. Amacita zimenezi kangapo, ndipo kuphedwa kwenikweniko amakuonetsa pa masamba omalizira. Mpata uli wonse umene watayika umaonjezera katundu pa mtima wa wowerenga, mpaka funso lalikulu la bukhuli limaonekera lokha: kodi anthu onsewa, amene anali kudziwa, analephera bwanji kupulumutsa munthu mmodzi?

5. Njira yacitatu: kufulumiza ndi kucedwetsa

Bwererani ku nkhani ya Zuze. Cizolowezi ca agogo ca zaka zambiri canenedwa m'ziganizo 4 zokha. Koma kucokera pamene agogo anatuluka pakhomo kufika pamene anatambasula dzanja, mwina panangopita mphindi ziwiri, ndipo mlembi wathera pamenepo ziganizo zoposa 15. Onaninso kuti pafupi ndi coopsa ziganizo zafupika: anagwada, anakonza nsalu, anatambasula dzanja. Lamulo lake ndi ili: pamene palibe coopsa, fulumira, pamene coopsa cayandikira, cedwa.

Citsanzo cina cili m'bukhu la Chinua Achebe wa ku Nigeria lochedwa Things Fall Apart, limene linatuluka m'Cingerezi m'caka ca 1958. Mnyamata wina, Ikemefuna, anaperekedwa ndi anthu a ku Mbaino kwa anthu a ku Umuofia monga dipo la mlandu wakupha. Akulu anamuika m'nyumba ya Okonkwo, munthu wamphamvu ndi waukali. Anakhala kumeneko zaka 3. Anazolowera, anakhala bwenzi la Nwoye, mwana wa Okonkwo, ndipo Okonkwoyo anayamba kumucha atate. Zaka 3 zimenezi Achebe amazidutsa mofulumira, amangoima apa ndi apo kutionetsa mmene mnyamatayo wasandukira mwana wa pakhomo.

M'mutu 7 zinthu zimasintha. Nkhalamba ina, Ezeudu, imabwera kudzauza Okonkwo kuti kwagamulidwa kuti mnyamatayo aphedwe, ndipo imamucenjeza kuti asaikepo dzanja lake, popeza mwanayo amamucha atate. Ikemefuna amangouzidwa kuti akumuperekeza kwao. Apa njira yoyamba ija yabweranso: ife tikudziwa, iye sakudziwa.

Tsopano Achebe amayenda pang'onopang'ono. Amuna ali pamzere m'kanjira ka m'nkhalango, Ikemefuna ali pakati, atasenza mtsuko wa mowa. Poyamba amuna akuceza ndi kuseka, kenaka onse amakhala cete. Mlembi amatilowetsa m'maganizo a mnyamatayo. Akuganiza za amai ake, ngati akali moyo. Akuganiza za kamlongo kake, kuti kakula bwanji. Mantha akamubwerera amadzilimbitsa mtima poganiza kuti Okonkwo ali kumbuyo kwake. Ulendo wa maola ocepa wapatsidwa malo aakulu, ndipo cikwanje cikadzatsika, ciganizo ceniceni ca imfa ndi cacifupi kwambiri. Mnyamatayo amathamangira kwa Okonkwo, ndipo Okonkwo, poopa kuti anzake amuyesa wofooka, amamumaliza ndi dzanja lake.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Mlembi amene amathamanga pa malo oyenera kudekha amataya nkhani yake.

6. Njira yacinai: kudula nkhani ndi kuluka nkhani ziwiri

Njira iyi ndi yakale kwambiri. Pali nthano zochuka za Usiku 1001, zimene zinasonkhanitsidwa m'Ciarabu kucokera ku maiko a Aarabu, ku Persia ndi ku India. M'nthanozo mfumu Shahryar inali kukwatira mkazi madzulo ndi kumupha m'mawa mwake. Shahrazad, mwana wa nduna yaikulu, anadzipereka kukwatiwa ndi mfumuyo. Usiku anayamba kuikambira nthano, ndipo m'bandakuca analekezera pakati, pamene pafika pokoma. Mfumu inafuna kumva mapeto, conco inamusiya ndi moyo tsiku limenelo. Usiku wotsatira anamaliza nthano ija nayamba ina, nailekezanso pakati. Moyo wake unali kudalira luso lodziwa polekezera. Masewero a pa wailesi amene amatha ndi mau oti mumve mawa amatsata njira yomweyi.

Mlembi wina wa dziko lathu anapititsa njira iyi patsogolo. Mia Couto anabadwira ku Beira m'caka ca 1955. Bukhu lake lochedwa Terra Sonâmbula, kutanthauza dziko loyenda lili m'tulo, linatuluka m'caka ca 1992, caka cimene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala, kutsiriza nkhondo ya zaka 16. Nkhani yake ikucitika m'kati mwa nkhondo imeneyo.

M'bukhuli muli nkhani ziwiri zolukana ngati mizere ya mphasa. Yoyamba ndi ya nkhalamba Tuahir ndi mnyamata Muidinga, amene acoka ku msasa wa othawa nkhondo nakabisala m'basi yopserera pa mseu wopanda anthu. Muidinga anadwala kwambiri ndipo sakumbukira dzina lake lenileni kapena makolo ake. Pafupi ndi basiyo amapeza mtembo ndi sutikesi, ndipo m'sutikesimo muli makope olembedwa ndi munthu wochedwa Kindzu. Nkhani yaciwiri ndi imene ili m'makopewo. Kindzu anacoka kwao pofuna kukalowa gulu la anaparama. Panjira anakumana ndi mkazi wochedwa Farida, amene anamupempha kuti akamufunire mwana wake wotayika, Gaspar.

Bukhuli lili ndi mitu 11 ndi makope 11, ndipo zimasinthana: mutu wa Tuahir ndi Muidinga, kenaka kope la Kindzu, kenaka mutu wina. Nthawi iri yonse tikazolowera nkhani imodzi, mlembi amaidula natipititsa ku inayo. Koma si kudula kokha kumene kumatigwira mtima. Kumbali imodzi kuli mnyamata wosadziwa kuti ndi yani. Kumbali inayo kuli munthu wofunafuna mnyamata wotayika. Wowerenga amayamba kudzifunsa yekha: kodi Muidinga si Gaspar? Nanga mtembo uja wa pafupi ndi basi, si wa Kindzu? Zimene Kindzu analemba zinacitika kale, koma kope liri lonse likuyandikira tsiku limene bukhu linayambira. Nthawi ziwirizo zikuyenda kuti zikakumane, ndipo zimakumana pa tsamba lomaliza, pa mseu womwe uja ndi pa basi yomwe ija.

7. Zoyenera kusamala

Njira zonsezi zili ndi malamulo ake. Mukadzayamba kulemba nkhani zanu, kumbukani zitatu izi.

Coyamba, funso limene mwadzutsa mu mtima wa wowerenga ndi ngongole, ndipo ngongole imabwezedwa. Mukamuuza kuti m'dengu muli njoka, simungathe kumaliza nkhani osamuuza cimene cinacitika pankhokwe.

Caciwiri, musanamize wowerenga. Cothandiza kapena colepheretsa ciri conse ciyenera kubzalidwa msanga. Kugontha kwa agogo kunanenedwa m'ciganizo coyamba. Kukanachulidwa koyamba pamene Zuze ali kufuula pa citunda, mukanati mlembi wangokupeka pomwepo kuti atalikitse nkhani.

Cacitatu, palibe amene amadera nkhawa munthu amene sakumudziwa. Ndi cifukwa cake Honwana amayamba ndi maso a galu, Achebe amatipatsa zaka 3 za Ikemefuna pakhomo pa Okonkwo, ndipo ife tinayamba ndi zala za agogo zikuwerenga mazira. Yambani mwacititsa wowerenga kukonda munthu, kenaka muike munthuyo pangozi.

Mau ofunika

Nkhani yopeka: nkhani imene mlembi waiganiza yekha, ngakhale ifanane ndi zoona.

Wokamba nkhani: munthu wa m'kati mwa bukhu amene akutiuza zocitika, monga Ginho. Si mlembi mwini wake.

Nthawi ya zocitika: nthawi imene anthu a m'nkhani akukhalamo.

Nthawi ya kakambidwe: ndondomeko ndi liwiro limene mlembi wasankha potiuza zocitikazo.

Kamangidwe ka nkhani: mmene zigawo za nkhani zasanjidwira kucokera poyamba kufika pomaliza.

Malire a nthawi: nthawi imene ikakwana, coopsa cicitika.

Yankhani mafunso awa m'makope anu

1. Chulani zinthu 3 zimene zinacedwetsa Zuze panjira, ndi cinthu cimodzi cimene cinacedwetsa agogo.

2. Ndi ciani cimene cikugwira nchito ya woci m'nkhani ya Zuze?

3. Fotokozani kusiyana kwa kudzidzimutsa wowerenga ndi kuika mtima wake m'mwamba.

4. Dzina la bukhu la Honwana likuulula mapeto. Ndi mafunso ati amene amatsala mu mtima wa wowerenga?

5. Chulani zifukwa 3 zimene zinalepheretsa anthu kucenjeza Santiago Nasar.

6. Cifukwa ninji Achebe anafulumira pa zaka 3 nacedwa pa ulendo wa m'nkhalango?

7. Ndi funso liti limene limamanga pamodzi nkhani ziwiri za mu Terra Sonâmbula?

Kambiranani m'magulu

Anthu a m'tauni ya Santiago Nasar anali kudziwa koma anakhala cete, aliyense poganiza kuti mnzake alankhula. Kodi zotere zimacitika m'midzi mwathu? Mukanakhala mmodzi wa iwo, mukanacita ciani?

Nchito yolemba

Nazi zocitika 4: mwana wadwala usiku, bwato loolotsa anthu limacoka dzuwa likangotuluka, njinga ya atate yaphulika tayala panjira, afika kucipatala ca kutsidya. Lembani nkhani ya tsamba limodzi. Muikemo malire a nthawi ndi zocedwetsa ziwiri. Mufulumire poyamba, mucedwe pafupi ndi doko. Mukatha, werengerani mnzanu mokweza, ndipo mulekezere pamene mukuganiza kuti mtima wake uli m'mwamba. Akakupemphani kuti mupitirize, mwakhoza.

Nchito ya kunyumba

Pemphani agogo, azakhali kapena munthu wina wamkulu kuti akukambireni nthano. Cherani khutu bwino. Ndi pati pamene athamanga? Ndi pati pamene acedwa? Ndi cinthu citi cimene cabwerezedwa katatu? Aika nyimbo pa malo ati, coopsa cisanacitike kapena citacitika? Lembani zimene mwapeza ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi mawa.